Pitani Inu, Mukatilankhulire

M'mudzi uli wonse muli munthu amene timuitana pakagwa nkhani. Pa maliro ndiye aimirira kuthokoza anthu. Pa ukwati ndiye nkhoswe. Ogula mbatata ya kacewere akafika ndi magalimoto ao ku Tsangano, kapena a kampani ya fodya akaitanitsa msonkhano ku Furancungo, timuuza kuti, "Pitani inu, mukatilankhulire." Munthuyu salandira malipiro. Koma ali ndi cinthu cimene ambiri a ife ticikhumbira: dzina lake limveka kufikira m'midzi ya kutali.

Kodi ndi colakwa kufuna dzina lotere? Ena ati ndi kudzikuza. Ife sitiganiza comweco. Wosula makasu afuna kuti makasu ake achuke, ndipo palibe amdzudzula. Kusiyana kwake ndi uku: khasu tiliyesa m'munda tsiku lomwelo. Likakhala loipa lipindika, ndipo tibwerera nalo kwa mwini wake. Mau sayesedwa msanga. Mau a bodza akhoza kukoma miyezi isanu ndi umodzi, ife tili kuomba m'manja.

Akulu ambiri m'kalasi muno akumbukira Samora Machel, ena anamumva pa wailesi. Iye anayamba ndi nchito ya unamwino m'cipatala, osati ya kulankhula pa gulu. M'caka ca 1975, ufulu uli pafupi, anayenda ulendo wocokera ku Rovuma kufikira ku Maputo, nalankhula ndi makamu a anthu m'njira monse. Anali kuyamba ndi nyimbo. Anali kuseketsa anthu, kenaka nkuwafunsa m'Cipwitikizi kuti, "É ou não é?", ndiye kuti, "Ndi tero kapena si tero?" Khamu lonse linali kuyankha pamodzi. Munthu wokhala kumbuyo kwenikweni anali kumva ngati mtsogoleri alankhula ndi iye yekha.

Koma liu lamphamvu silinali cinsinsi cake cokha. M'caka ca 1980 iye anayendera madoko ndi nyumba zosungiramo katundu wa boma mosacenjeza. Anapeza katundu ali kuonongeka pamene m'masitolo munalibe kanthu. Ataona ndi maso ake, anaimirira pamaso pa anthu nadzudzula a nchito a boma lake lomwe. Anthu anamkhulupirira cifukwa anayamba waona, ndipo sanabise manyazi a m'nyumba mwake.

Tisaime pamenepa. Pa misonkhano yomweyo panamvekanso mau okoma onena za midzi ya pamodzi, ndipo anthu ambiri anasamutsidwa kusiya minda ndi manda a makolo ao, mitima isakufuna. M'caka ca 1983 anthu zikwi zambiri anatengedwa m'mizinda nkutumizidwa ku Niassa kukalima, ati cifukwa analibe nchito. Pa misonkhano anthu anali kuvomera ndithu. Nanga ndani akanaimika dzanja pakati pa khamu kunena kuti, "Si tero"? Apa tiphunzira cinthu cowawa: khamu likavomera, si nthawi zonse kuti lagwirizana nazo. Nthawi zina licita mantha, nthawi zina langotengeka ndi kukoma kwa pakamwa. Wodziwa kulankhula akalakwa, alakwa pamodzi ndi anthu onse amene amtsata.

Tsopano tibwerere kwathu kuno. Tiyerekeze kuti tatuma munthu wathu ku msonkhano wa ngongole ya feteleza ndi mbeu ya fodya. Kumeneko amva kuti ngongole ya caka cino yakwera, ndi kuti idzadulidwa yonse pa tsiku logulitsa. Pobwera apeza ife tili pansi pa mtengo, timdikira. Ali ndi njira ziwiri. Akhoza kunena kuti, "Abale anga, ndalankhula mwamphamvu, zinthu zikhala bwino." Tidzamuombera m'manja, amai adzaimba nthungululu, ndipo dzina lake lidzakwera madzulo omwewo. Kapena akhoza kuturutsa pepala, nawerenga manambala monga alili. Pamenepo nkhope zidzagwa. Wina adzang'ung'udza kuti, "Amene uja amdyetsa kanthu."

Woyambayo adya za m'tsogolo, monga munthu wokazinga mbeu yake. Fodya akadzagulitsidwa, ndalama zikadzacepa, tidzakumbukira amene anatinamiza. Koma tinene zoona, kawirikawiri timkhululukira, cifukwa tikonda kumumvera. Waciwiriyo alipira lero, ndipo palibe amlonjeza kuti adzabwezeredwa.

Makolo anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kale tinali kudalira kukumbukira kwa munthu mmodzi, ndi womasulira amene anali kusandutsa Cipwitikizi kukhala Cinyanja monga afunira. Womasulirayo akacotsa mau awiri, ndani akanadziwa? Ici ndi cifukwa cimodzi cimene takhalira pa mabenci ano ndi pensulo m'manja. Wotilankhulira akadziwa kulemba, alemba mtengo, tsiku ndi dzina la amene walonjeza. Ife tikadziwa kuwerenga, timuuza mwaulemu kuti, "Bambo, tabwera nalo pepalalo tione nafe." Wonena zoona sakwiya ndi pempho limeneli. Limteteza kwa amene amnena kuti wadya ziphuphu.

Acinyamata atifunsa kuti, "Nanga ife tiyambire pati?" Palibe amene anayambira pa bwalo la amfumu. Ayambira pa zazing'ono. Agogo akupatsani kalata yocokera kwa mwana wao ku Joni, muwawerengere osaonjeza kanthu, osacotsa kanthu, ngakhale muli mau owawa. Akutumani kukanena za maliro kumudzi kwina, mukachule bwino dzina ndi tsiku. Pa mlandu mukhale cete kufikira mbali zonse ziwiri zitatha. Anthu aona zimenezi ngakhale sanena. Ndipo tisaiwale amai. Ambiri a iwo alankhula atakhala pansi, mau ocepa, koma ndiwo akumbukira bwino matumba angati analowa m'nyumba ndi angati anaturuka. Tizolowera kutuma wa liu lalikuru, wa manambala nkumsiya pa mphasa.

Mvula isanagwe tidzasankhanso wotilankhulira. Adzaimirira awiri aja: amene anatiseketsa caka catha, ndi amene anatiwerengera pepala ife nkumuka kunyumba osamuombera m'manja.