Kodi Nchiyani Chimene Chingalipire Moyo wa Munthu?

PA August 16, 2012, apolisi anawombera ndi kupha amuna 34 ogwira ntchito mumgodi wa platinum amene anali pa sitiraka ku Marikana, pafupi ndi Rustenburg, m'South Africa. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza wopuma pantchito Ian Farlam linatulutsa lipoti lake mu 2015, ndipo boma linapereka ndalama za chipukuta misozi ku mabanja ofedwa. Komabe, palibe mkazi wamasiye ndi mmodzi yemwe amene anabwezeredwa mwamuna wake.

2 Zimenezi zikutikumbutsa mfundo ya pa Salmo 49:7-9, yakuti chuma, chingachuluke motani, sichingagule moyo kwa Mulungu. Nchifukwa ninji? Chifukwa chakuti muzu wa imfa ndiwo uchimo umene tonsefe tinaulandira kwa Adamu. (Aroma 5:12) Munthu womira m'ngongole sangalipirire mnzake ngongole. Mofananamo, wochimwa sangaombole wochimwa mnzake.

1, 2. Kodi nchifukwa ninji ndalama sizingaombole munthu ku imfa?

Mthunzi wa Chitetezo Chenicheni

3 Mu Israyeli wakale, Mulungu anasonyeza mmene mlandu wa uchimo ukathetsedwera. Chaka chilichonse, patsiku la 10 la mwezi wa 7, mkulu wa ansembe ankaloŵa yekha m'Malo Opatulikitsa ndi mwazi wa ng'ombe ndi wa mbuzi, nauwaza pachotetezerapo cha likasa. Pambuyo pake ankasanjika manja pamutu pa mbuzi ina yamoyo, kuulula machimo a mtunduwo, ndi kuitumiza kuchipululu. (Levitiko 16:14-22, 29) Mwazi unkaimira moyo, ndipo moyo ndiwo unafunikira kuperekedwa. (Levitiko 17:11) Koma kubwerezedwa kwa mwambowo chaka ndi chaka kunasonyeza kuti nyama sizikanachotseratu uchimo.—Ahebri 10:1-4.

4 Panafunikira moyo wa munthu wopanda uchimo. Yesu Kristu anali munthu wotero. Iye anapereka moyo wake modzifunira monga dipo, kamodzi kokha, ndipo nsembeyo sifunikira kubwerezedwa. (Mateyu 20:28, Ahebri 9:24-28) Chotero Mulungu amakhululukira wolapa popanda kupeputsa chilungamo chake, pakuti mtengo wonse unalipiridwa.—Aroma 3:25, 26.

3, 4. (a) Kodi nchiyani chinkachitika pa Tsiku la Chitetezo? (b) Kodi nsembe ya Yesu imaposa motani nsembe za nyama?

Kodi Timayamikira Mtengowo?

5 Ogwira ntchito m'migodi ya ku Rustenburg amadziŵa kuti tani yathunthu ya miyala, yoswedwa movutikira m'kutentha kwa pansi panthaka, imatulutsa magalamu oŵerengeka chabe a platinum. Ngakhale ndi tero, mtumwi Petro anasonyeza kuti miyala ya mtengo wapatali monga siliva ndi golidi njachabe poiyerekezera ndi mwazi wa Kristu. (1 Petro 1:18, 19) Munthu amene amazindikira zimenezo samaseŵera ndi tchimo. Ndiponso samakhala wothedwa mtima ndi machimo akale amene analapa, monga ngati kuti dipolo nlopereŵera. Ndipo popeza kuti anakhululukidwa zambiri, amakhala wokonzeka kukhululukira mbale wake. (Aefeso 4:32) Kwa ofedwa, dipolo limapereka chimene khoti lililonse silingapereke: chiyembekezo chakuti akufa adzauka.—Yohane 5:28, 29.

5. Kodi tingasonyeze motani kuti timayamikira dipo?