Kagalimoto ka Mawaya

Malume anga, amene amakhala m'mapiri a ku Ntchisi, atha miyezi itatu akupinda mawaya. Akupanga kagalimoto kofanana ndi Peugeot 404 yao yakale, mtundu umene unayamba kupangidwa ku France mu 1960. Ndiyo ankanyamulira mtedza ndi anthu a matola pakati pa Ntchisi ndi Mponela, mpaka anaigulitsa kuti alipirire ana sukulu. Chitseko chilichonse akuchiyeza ndi kachingwe, matayala adula ku patapata zakutha, ndipo ngakhale popindika paja, pamene anagunda mtengo, sanapaiwale.

Anthu a m'mudzi akuti nkhalamba yabwerera ku umwana. Kodi akunena zoona? Kodi nkulakwa kuumba chifanizo cha chinthu chimene chinapita?

Kukumbuka kuli pawiri. Pali munthu wokana kuti madzi akatayika saoleka. Ameneyo amadana ndi lero chifukwa cha dzulo, nawerengera ana ake zonse zimene anataya powalera. Palinso munthu wokumbuka mothokoza. Woyambayo amabisa zipsera, nakometsa zakale koposa m'mene zinaliri. Wachiwiriyo amasunga zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Nchifukwa chake popindika paja panandikhazika mtima pansi: malume sakudzinamiza. Nditawafunsa kuti, "Malume, mukamaliza mukaika pati?" anati apatsa mdzukulu wao, mwana wa uja anaphunzira ndi ndalama za galimotoyo, kuti azikayendetsa pafumbi.

Chinthu chimene munthu angathe kuchipereka kawiri, sichinamugwire ukapolo.