Chithunzi cha Lawi la Moto Si Umboni Pachokha

Kuyeza kutentha kwa madzi n'kosavuta: mumaviikamo chipangizo n'kuwerenga nambala. Mpweya woyaka sulola zimenezo. Gasi wa methane akamayaka bwino, lawi lake limafika madigiri pafupifupi 1,950, pomwe platinamu, chitsulo chimene amapangira mawaya oyezera moto waukali, imasungunuka pa madigiri 1,768. Waya ukapirira, umasokonezabe kayendedwe ka lawi, umataya kutentha kwina, ndipo umangonena za kamalo kamodzi kamene wakhudza.

N'chifukwa chake akatswiri anayamba kudalira kuwala. Amene anayang'anapo msewu wa phula masana a mwezi wa Okutobala anaona mpweya ukunjenjemera pamwamba pake. Mpweya ukatentha umapepuka, ndipo kuwala kodutsamo kumapindika pang'ono. August Toepler wa ku Germany anatsamira pa mfundo imeneyi mu 1864 pokonza njira yotchedwa schlieren, yojambulira kusuntha kwa mpweya kumene maso saona. Lero ena amawalitsa leza yopyapyala ngati pepala pakati pa lawi. Tizinthu totchedwa OH, timene timapangika pakuyaka, timabweza kuwala, kamera n'kujambula chigawo chonse nthawi imodzi popanda kukhudza moto.

Luso limeneli ndimaligomera, koma pali chimene sitiyenera kuiwala: kamera siyeza kutentha. Imalandira kuwala basi, ndipo kutenthako kumachita kuwerengetseredwa pambuyo pake. Schlieren imaonetsa kusiyana kwa kulemera kwa mpweya, mwakuti wofuna madigiri ayenera kudziwiratu mtundu wa mpweyawo ndi mmene wapanikizikira. Kamera ya infrared nayo imapusitsa. Nayitrojeni ndi okosijeni, amene ndi 99 peresenti ya mpweya wouma, pafupifupi satulutsa kuwala kwa mtundu umenewu, motero kamera imaona khoma lakumbuyo, mwaye, nthunzi kapena carbon dioxide. Ngakhale kufiira ndi kubiriwira kwa pachithunzi amasankha ndi munthu wokhala pakompyuta. Nambala yolakwika anthu amaikayikira msanga, koma chithunzi chokongola amachikhulupirira asanafunse.

Kodi ndiye tibwerere ku waya? Ayi. Mu injini ya ndege kapena m'ng'anjo yopangira magetsi, mpweya woipa wa nitrogen oxide umachuluka msanga pamene kutentha kwapyola madigiri pafupifupi 1,500, ndipo nthawi zambiri umachokera m'timalo tochepa totentha kuposa ponse. Waya umodzi ungaphonye timalo timeneti, koma chithunzi chimatiulula. Wofuna injini yosawononga mafuta ndi yosaipitsa mpweya sangachite popanda chithunzi.

Chofunika ndi mwambo wa kagwiridwe ka ntchito. Njira iliyonse yojambulira iyambe yayesedwa pa lawi limene kutentha kwake n'kodziwika kale, ndipo pamene waya ungapirire, ziwirizi zitsimikizirane. Wotionetsa chithunzi atiuzenso chimene kamera yake inaona kwenikweni, zimene anangoganizira powerengetsera, ndiponso madigiri angati amene angakhale ataphonya. Akalephera kuyankha mafunso atatuwa, watipatsa chokongoletsera lipoti, osati muyezo.