Dzino Lomwe Linakhala Chete

Padangokhala!

Tili tonse!

Ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, kunali bambo wina wopalasa njinga ya kabaza, ija anthu akumeneko amaitcha sakaramento. Anali munthu wakhama, wodzuka chifunga chisanachoke m'dambo la Lunyangwa. Mphamvu zake ankazitenga m'tiyi wa shuga masipuni anayi, ndipo pokwera zitunda switi sankachoka m'tsaya mwake. Mswachi ankaugwira Lamulungu lokha.

M'mwezi wa June, kuzizira kwa Mzuzu kutafika pachimake, dzino lake lakumbuyo linayamba kulasa mphepo ikalowa m'kamwa. Kenako linafika pomudzutsa pakati pausiku. Masiku omwewo mwana wake wamkazi anadandaula kuti akamwa madzi ozizira dzino limanyerenyetsa. Mayi wake atayang'ana anaona kadontho kakuda.

"Bambo, tiyeni tonse kuchipatala mawa," anatero mayiyo.

"Ndikataye tsiku lonse pamzere? Tidya chiyani? Komanso kumeneko amangozula."

Mayi ananyamuka ndi mwana kupita ku Mzuzu Central Hospital. Bambo anakhotera kwa munthu wina woyala mankhwala pamphasa m'mbali mwa msewu. Munthuyo anati m'dzinomo muli nyongolotsi. Anaika tinjere pamakala, namuuza kuti ayasamule pautsi. Pambuyo pake anamuonetsa timaulusi toyera m'mbale ya madzi. "Si izi zatuluka!" Bamboyo analipira ndalama ya masiku awiri, mtima uli mbee.

Madzulo mwana anabwera akumwetulira. "Adada, sanazule! Anapala pobowoka paja n'kumatapo."

Dzino la bambo linapwetekabe sabata yathunthu, kenako tsiku lina linangoti zii. Anauza anzake onse pasiteji kuti wachira, ndipo awiri a iwo anapita kukayasamula pautsi womwewo.

Patapita milungu ingapo, tsaya linayamba kutupa. Linatupa mpaka diso kuchepa, thupi kutentha, pakamwa osatseguka bwino moti ngakhale phala limavuta. Njinga inakhala pakhonde masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mnzake anamukweza pakaliyala, munthu wonyamula ena n'kukhala wonyamulidwa, mkazi wake akutsatira pambuyo.

Kuchipinda cha mano anakumana ndi mayi wovala zoyera. Mayiyo anamuunika m'kamwa ndi kagalasi, nagogoda dzinolo pang'ono ndi kachitsulo. Bamboyo anadumpha pampando. Atajambula X-ray, mayiyo anamuonetsa chithunzi: kunsonga kwa muzu kunali mthunzi wakuda.

"Adokotala, komatu linasiya kupweteka. Nyongolotsi zinatuluka, ndinaziona ndi maso angawa."

Mayiyo sanaseke. Anakokera mpando pafupi. "Bambo, m'dzino simukhala nyongolotsi. Tinjere tina tikapsa timaphulika n'kutulutsa timaulusi, n'zimene munaona. Chimadya dzino ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Timadya shuga wotsalira m'kamwa, n'kutulutsa asidi amene amasungunula chikamba cholimba chakunja. Bowo likadali laling'ono timangomata, monga tinachitira ndi mwana wanu. Likafika mkati mwenimweni, muli mtsempha, ndiye ululu uja unkakudzutsani usiku. Tsiku limene dzino linakhala chete ndi tsiku limene mtsempha unafa. Tizilombo sitinafe nawo. Tinatsikira kumuzu n'kupanga mafinya awa. Mukanachedwanso, kutupa kukanatha kufika pakhosi n'kutseka njira ya mpweya."

Bamboyo anawerama. Chomwe chinamulasa mtima kwambiri n'kukumbukira anzake awiri aja.

Anamubaya jakisoni wa dzanzi, natulutsa mafinya, nazula dzinolo, pakuti linali litaola moti panalibenso pomata. Anamva kukankha chabe. Anamulumitsa thonje, namupatsa mankhwala opha tizilombo ndi kumuuza kuti awamalize onse. Anamulangiza kuti asachukuche m'kamwa tsiku limenelo kuopa kuchotsa magazi oundana pabala, koma kuyambira mawa lake azichukucha mofatsa ndi madzi ofunda a mchere. Asanatuluke, mayiyo anapezanso mano ena awiri ongoyamba kubowoka. Amenewo anadzawamata sabata yotsatira.

Popita kunyumba mkazi wake sanamukumbutse mawu ake aja. Anangoima pagolosale n'kugula miswachi itatu ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Kuyambira pamenepo, m'mawa ndi pogona, bambo ndi mwana ankaima limodzi kuseri kwa nyumba, aliyense ndi kapu yake.

Tsaya litaphwa anabwerera pasiteji. Anapeza mmodzi wa anzake aja atakhala pamwala, dzanja lili patsaya.

"Achimwene, langanso lasiya kupweteka, koma pano pakulemera."

"Siyani njinga yanu kwa anyamatawa. Kwerani."

Anadutsa pamphasa ya mankhwala paja utsi ukufuka, mwiniwake akuwakodola. Bamboyo anangoweramira pahandulo n'kupalasa kulowera kuchipatala.