Adzukulu a Yesu

Mawu athu akuchokera pa Yohane 19:38-42 ndi pa Machitidwe 9:36-37.

Abale ndi alongo, Yesu atatsirizika pamtanda, Petro amene analumbira kuti adzafa naye pamodzi sanaoneke. Amene analimba mtima n'kukapempha mtembo kwa Pilato anali Yosefe wa ku Arimateya, munthu woti masiku onse ankatsata Ambuye mozemba. Anathandizana ndi Nikodemo, uja anapita kwa Yesu usiku, atanyamula mure ndi aloe wolemera makilogalamu pafupifupi 30. Dzuwa linali litapendeka, Sabata lili pakhomo. Anatenga thupilo, nalikulunga m'nsalu pamodzi ndi zonunkhirazo, naliika m'manda apafupi. Malamulo a Mose, pa Numeri 19, ankati wokhudza mtembo akhala wodetsedwa masiku 7. Iwo ankawadziwa bwino malamulowo, koma anagwirabe. Kuno kwathu tikanati awiriwa anali adzukulu a Yesu.

Ntchito imeneyi sitiilalikira kawirikawiri. Timakamba za kuuka kwa akufa, timakamba za chiweruzo, koma maola a pakati pa kutsirizika ndi kumanda timawalumpha. Komatu m'maola amenewo ndi mmene mudzi umadziwikira kuti ndi wa anthu otani.

Mukudziwa mmene zimayendera. Uthenga umayamba wafika kwa amfumu. Anyamata amayala masamba pamsewu, wanjinga atsike, wagalimoto achepetse liwiro. Abambo amasonkha moto pabwalo, amayi amadzaza m'siwa. Koma chitseko china chimakhala chotseka, ndipo m'menemo muli anthu atatu kapena anayi okha. Mmodzi amatseka maso a malemu ndi chala, namanga chibwano ndi kansalu kuti pakamwa pasakhale yasa. Wina amawongola miyendo ndi manja thupi lisanaume. Madzi amakhala ofunda, ngakhale wosambayo sakumvanso kuzizira. Mayi amasambitsidwa ndi amayi anzake, bambo ndi abambo, chitenje chili pamwamba, ndipo zimene aona m'chipindamo, mabala, kuwonda, sazitulutsa kunja. Anthu amenewa sitiwatchula pa mwambo wa maliro. Oyankhula amathokoza amene wagula bokosi. Ku Yopa nakonso, Tabita atamwalira, Luka analemba kuti anamusambitsa n'kumugoneka m'chipinda chapamwamba, koma mayina a osambitsawo palibe.

Ife a ku Nkhotakota tili ndi aphunzitsi pafupi. Chiyambire pamene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika kuno m'ma 1840, takhala khomo ndi khomo ndi abale athu achisilamu. Taonani mmene amachitira. Amasambitsa kuyambira mbali yamanja, amakulunga m'sanda yoyera, amanyamula pa jeneza, ndipo ngati n'kotheka amaika tsiku lomwelo. Mwini maboti ndi mlovi amapita m'nsalu yofanana. Sindikuti tisinthe mwambo wathu. Ndikungofunsa: ife amene timati Mbuye wathu anaikidwa m'manda obwereka, bwanji ndife amene timatsogola pa mpikisano wa mabokosi?

Nyumba yachisoni ya kuchipatala ndi chinthu chabwino, tisainyoze. Kutentha kwa kuno mu Okutobala sikudikira munthu. Kale mwana amene anali kumigodi ankangomva kuti mayi ake anaikidwa mwezi watha. Lero thupi limasungidwa mpaka afike kuchokera ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo akamwalira ndi iyeyo, thupi lake limayenda ulendo wonsewo kudzagona kwawo. Chimene chimandivuta n'chakuti nthawi zina sitidikira mwana ayi. Timadikira nsalu ya yunifolomu, timadikira tenti, timadikira kuti wakatapila avomere. Malemu ali m'firiji, ife tikukangana za ndiwo. Ndipo munthu yemweyu, pamene ankadwala, ankasowa womutungira madzi. Maliro akatha, mayi wamasiye amatsala ndi ngongole, ukonde wagulitsidwa, mwana wasiya sukulu. Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Sananene kuti n'kuonetsana.

Tinenenso za amene amagwira ntchito m'nyumba yachisoniyo. Ena a ife timakana kuwapatsa moni wa m'manja. Timawanena kumbali kuti ali ndi zizimba, kuti sangagwire ntchito yotere popanda mowa. Tsiku limene m'bale wako adzalowe m'menemo, amene adzamutembenuze ndi kumuveka ndi omwewo.

Nyanja nayo ili ndi maliro akeake. Mwera ukawomba, bwato limabwera lokha, ndipo amayi amakhala pamchenga masiku osadziwa ngati alire kapena ayembekezere. Thupi likayandama, silioneka monga munthu amene tinkamudziwa. Asodzi anzake ndiwo amalivuula, atamanga mphuno ndi malaya. Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja yomweyi mu Seputembala 1895, atangodzozedwa kumene, boti lake litatembenuzika ndi namondwe. Thupi lake linapezeka patapita masiku, ndipo anaikidwa kuno, pamene pali tchalitchi cha All Saints. Dzina lake linalembedwa mpaka pa sitima. Koma panali manja amene anamutola m'madzi, namunyamula mpaka kudzamufikitsa kuno.

Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anatiphunzitsa mbali ina yowawa. Azaumoyo anatiletsa kusambitsa, anatiletsa kugona pamaliro ndi kuphika. Anabwera atavala magolovesi, atanyamula madzi a klorini, naika m'bale wathu mwamsangamsanga. M'madera ena anawathamangitsa ndi miyala. Ululuwo ndikuumva, chifukwa kulephera kugwira mayi ako komaliza si nkhani yaing'ono. Koma kachilombo ka kolera kamatsala pa thupi la malemu, ndipo manja osambitsa aja ndi omwewo amakaomola nsima. Anyamata ndi atsikana a magolovesiwo anali adzukulu athu nthawi imeneyo, ndipo anaika moyo wawo pachiswe monga anachitira Yosefe pamaso pa Pilato.

Tsono mumpingo muno, amene amadziwa kusambitsa maliro akukalamba. Achinyamata mumadziwa kuimba usiku wonse, mumadziwa kujambula ndi foni, koma mukamva kuti tilowe m'chipinda mumazemba. Amayi a chigwirizano ndi akulu a mpingo, mukakumana sabata ino, lembani mayina a amene ali okonzeka kuphunzira, aliyense aikidwe pambali pa wachikulire. Asungichuma, patulani kangachepe pa chopereka mugule sopo, magolovesi, beseni ndi nsalu yoyera, zizikhala kuvesitili. Banja limene lilibe kanthu lisamachite kupempha kawiri.

Tiyeni tipemphere.