Mpeni wa agogo si wa pasikelo

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amataya ndalama zambiri kutolera mipeni yakale ya kumfuti imene apolisi a ku Germany ankavala m'chiuno pa perete. Yambiri inasulidwa mumzinda wa Solingen, kumafakitale monga a Carl Eickhorn. Chigwiriro chake n'cha nyanga, kumutu kwake anaumbako chiwombankhanga. Kukongola ndiye kulipo. Komatu kuchokera mu 1936, Himmler, mmodzi wa akuluakulu a Hitler, atatenga apolisi onse m'manja mwake, pachigwiriropo anayamba kuikapo chizindikiro cha chipani cha Hitler. Nyerere zake n'zimenezo.

Sindikuwanyoza otolerawo, poti iwo amadziwa kusunga. Amalemba amene anasula mpeniwo, amawerenga timanambala ta gulu la apolisi todindidwa pachitsulo, dzimbiri saliloleza. Nanga ife?

Mjeremani sitinamumvere m'mabuku mokha. Pa 9 September 1914 asilikali a Keyala anamenyana naye ku Karonga, ndipo mkulu wa asilikali ake, von Lettow-Vorbeck, anadzatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 November 1918. Zaka zonsezo midzi ya kuno kuchigawo chapakati inkapereka amuna a mtengatenga, osenza chakudya ndi zipolopolo pamutu, ambiri osabwerako. Ana awo anakafika mpaka ku Burma pankhondo yachiwiri. Ngakhale mganda umene anyamata amavina m'mabwalo a ku Nsaru ndi ku Kabudula, mizere yake ndi kaimidwe kake n'zotengera perete wa asilikali omwewo.

Tsono m'nyumba zina mukadali mendulo, lamba, chitupa cha usilikali, mwina chimpeni chimene chakhala chikusenda chinangwa mpaka kupyapyala. Akabwera wogula zitsulo zakutha ndi sikelo yake pamsika wa Namitete, mdzukulu amaponya zonse m'thumba limodzi ndi makasu otha, n'kulandira ya sopo. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa; uyu kalumo kake n'kotimeta nako.

Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mpeni wa agogo ulibe chiwombankhanga, koma mwini wake timam'dziwa dzina, mfunda ndi manda. Inu adzukulu, funsani azakhali anu akadali moyo kuti agogowo anapita liti, anakafika kuti, mulembe papepala n'kumangirira pamendulopo. Chikakukanikani kusunga, kaperekeni kunyumba yosungira zakale ya ku Chichiri kapena ya ku Karonga, osati pasikelo.