Malikisi 10 pa 20 amatiuza chiyani?

Chaka chatha ndidakhala kumbuyo m'kalasi yachitatu pa sukulu ina kunja kwa tauni ya Milange ku Mozambique, cha kutsinde kwa phiri la Tumbine. Mphunzitsi adali mtsikana wongotuluka kumene ku koleji. Adalemba pa bolodi chiganizo cha Chipwitikizi, nawerenga, ana nabwereza mokweza mpaka malata kulira. Atafunsa ngati amva, onse adavomera pamodzi. Potuluka ndidaitana kamnyamata kena, n'kukalozera liwu limodzi pakati pa chiganizo chija m'kope mwake. Kadayamba kuimba chiganizo chonse kuchokera poyambira. Liwu lija palokha sikadalidziwe.

Mtsikanayo sindikumuimba mlandu. Adaphunzitsa mmene iyenso adaphunzitsidwira: kukopera, kuloweza, kulavulira pa pepala tsiku la mayeso, kenako kuthamangira pa pauta, pepala la zotsatira, kukaona ngati wafika 10 pa 20. Akafika, wakhoza. Koma wakhoza chiyani? Funso limeneli ndi la aphunzitsi ake a ku koleji, ma formador, ndipo ndi iwowa amene ndikuti ayambe kusulidwa pa luso loyeza zomwe wophunzira akutha kuchita.

Boma lidayeza kale ana ake. Kuunika kwa dziko lonse kwa mu 2016 kudapeza kuti pa ana 100 aliwonse a kalasi yachitatu, odziwa kuwerenga moyenera sadakwane asanu, kutsika kuchokera pa asanu ndi mmodzi mu 2013. Chitulukire zimenezi zasintha zambiri pa pepala. Lamulo la maphunziro la mu 2018 lidakweza zaka zokakamizidwa kukhala pa sukulu kufika zisanu ndi zinayi, ndipo maphunziro a uphunzitsi, omwe kale ankatheka chaka chimodzi munthu akamaliza kalasi ya 10, adatalikitsidwa kufika zaka zitatu akamaliza ya 12. Mayunivesite nawo, monga UniLicungo ya ku Quelimane, ali ndi bungwe la CNAQ lowaunika. Zonsezi n'zabwino, komatu kuwonjezera zaka pamene kayezedwe kali komweko ndi kungosunga chimanga nthawi yaitali m'nkhokwe yodontha.

Kuno kumalire nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mwana wa ku Milange amadzuka ndi Chichewa kapena Chilomwe, Chipwitikizi amakumana nacho pakhomo la kalasi. Akalephera samu, walephera samuyo kapena chilankhulo cha funsolo? Mnzake wa msinkhu womwewo ndidamuona akugulitsa nthochi pafupi ndi chipata cha Muloza, akusintha makwacha kukhala mametikali m'mutu, osaphonya ngakhale ndalama imodzi. Pa pepala mwina amapeza 6. Mphunzitsi wosulidwa bwino angamufunse funso lomwelo m'Chichewa, pakamwa, n'kudziwa pamene pali bala. Dziko lidayesapo kale kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete, mu pulojekiti ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a zilankhulo ziwiri adalowa m'ndondomeko ya boma. Nanga formador amene sadayezepo yekha mwana mwa njira imeneyi angauphunzitse bwanji?

Ena ati ndikulota, poti kalasi imodzi imadzaza ana mpaka pakhomo, ndipo ndalama zoti formador achoke ku Quelimane kudzera ku Mocuba kudzaona ophunzira ake akale palibe. N'zoona ndithu. Koma ndalama za maseminala a m'mahotela, kumene anthu amakasaina malipiro a ulendo n'kubwerako ndi chikwama ndi cholembera, sizisowa. Bwanji theka lake lisapite ku mafuta a njinga yamoto? Misonkhano ya ZIP, kumene aphunzitsi a sukulu zoyandikana amakumana, ilipo kale. Formador akhalepo, atenge makope khumi a ana, aone pamodzi ndi aphunzitsiwo cholakwa chomwe chikubwerezedwa, abwerere ku koleji akasinthe phunziro lake.

Ndikadakhala ndine woyeza wophunzira uphunzitsi pa nthawi ya estágio, yoyeserera kuphunzitsa m'kalasi, sindikadayamba ndi kukongola kwa pulani yake ya phunziro. Ndikadamupatsa ana asanu, mmodzimmodzi, mphindi zitatu aliyense, ndi mawu khumi olembedwa pa timapepala tosakaniza. Pomaliza andiuze amene akuwerenga, amene akuloweza, ndi chomwe achite ndi wolowezayo Lolemba m'mawa.